Chitsime Sichipatsidwa Tsiku

Ndinali pamkeka ndikuswa mtedza pamene mtengwa wanga Agnesi, mkazi wa mwana wanga, anatulukira akuthamanga, duku m'manja, akukuwa kuti, "Amama, madzi! Madzi atuluka!" Ine sindinafunse za madzi ayi. Ndinagwira chitenje chake n'kufunsa kuti, "Nanga mwana wanga, watuluka?" Anati, "Watuluka, amama, akuseka, matope mpaka m'makutu." Pamenepo mtedza unatayika, nkhuku zinadya phwando, ine ndinagwada pafumbi ndikuimba ngati wamisala.

Abale anga a mumphakati, ndi inu nonse amene mudzamva kalata iyi ikuwerengedwa, Yesu Khristu atamandike pakhomo panu. Ine ndine amake Tobiyasi, wa kuno kumbali ya msewu wa ku Mwami. Zilembo zanga n'zopindika, mundikhululukire, koma zimene Ambuye andichitira n'zowongoka. Ndifuna ndikuuzeni za chitsime chimene chinadya mwana wanga, ndi za chitsime china chimene chinandibwezera mwana wanga winayo.

Ndinabala ana aamuna awiri, Tobiyasi wamkulu ndi Fabiano wamng'ono. Atate awo anatsogola kale. Chotidyetsa chinali dimba, tomato ndi repu zimene tinkagulitsa kwa amayi ooda a ku Chipata. Koma dambo linayamba kuuma msanga chaka ndi chaka, ndipo Tobiyasi anati akumbe chitsime. Ife tinali ndi makasu okha. Piki, fosholo ndi chingwe tinakatenga kwa munthu wina wa pamsika amene ankalipitsa pa tsiku. Lamulo lake linali lakuti dzuwa likalowa zida zili kwa iwe, tsiku lina layamba, ulipirenso. Tinagulitsa mbuzi imodzi, inatigulira masiku asanu.

Tsiku lachisanu masana, Tobiyasi anafika pamchenga wonyowa. Anaitana ali pansipo kuti, "Amama, mchenga uwu sindikuukonda. Tiyambe tautchinga." Ine ndinayang'ana dzuwa, linali litapendeka. Ndinawerama pakamwa pa dzenje n'kunena kuti, "Fulumira mwana wanga, madzi ali pafupi, mawa tilibe cholipira." Anandimvera. Mwana uja sankakana mawu anga. Piki inalira katatu, ndu, ndu, ndu, kenako ndinamva ngati thumba la chimanga lagwa pangolo. Amuna a m'mudzi anafukula ndi makasu ndi manja. Anamupeza ali chiimire, piki ili m'manja.

Mayo ine, mayo mwana wanga! Anthu anati ndi ngozi, abambo mfumu anadzawaza madzi odalitsa, dzenje tinalikwirira n'kuikapo minga. Koma mawu aja ndinali nawo ndekha, sindinauze munthu. Zaka ziwiri, masana aliwonse dzuwa likangopendeka, ndinkamva piki kuchokera kudimba, ndu, ndu, ndu. Ndikafunsa adzukulu kuti mwamva, ankati ndi mtondo wa kwa aNaPhiri. Koma mtondo sulira katatu n'kukhala chete. Ndinaleka kuimba mukwaya, ine amene ndinkatsogolera nyimbo. Ndinaleka kupita kudimba, ndipo dimba linafa. Korona yopempherera ndinkaigwira, koma milomo inkanena mawu amodzi okha, fulumira, fulumira.

Fabiano ankanyamula katundu wa amalonda pa Mwami. Ataona kuti ana a mkulu wake akuonda, anabwerera kumudzi ndi mkazi wake Agnesi. Tsiku lina anati, "Amama, ndikumba chitsime." Ndinakhala pakhomo n'kutambalala miyendo, ndinati, "Uyambe wandikwirira ine." Iye anati, "Nanga anawa tiwaphikira chiyani, amama? Mantha?" Ndinadziwa kuti uyu si Tobiyasi, uyu samva. Ndinapemphera, osati kupempha madzi ayi. Ndinati, Ambuye mutsekereni njira, zida asazipeze, ndatsala ndi mmodzi yekha.

Lamulungu lotsatira katekisiti analengeza kuti chipinda chakale chakuseri kwa tchalitchi chasanduka nyumba yobwereka zida. Anati ili ngati laibulale ya mabuku kusukulu, utenga, ugwiritsa ntchito, utsuka, ubweza, kulipira kulibe. Anthu anaomba m'manja. Fabiano ananditsina pamkono akuseka. Ine mumtima ndinati, Ambuye, kodi mwandimva chozondoka?

Lolemba m'mamawa ndinamutsogolera, ndinapita ndekha kukapempha kuti am'mane. Wosunga zida ndi aZimba, mdala amene anagwira ntchito kumigodi, mwendo umodzi wouma. M'chipindamo munali mawilibala, makwerero, masowo, mipope yopopera thonje, zonse zopereka za anthu. Ndipo pakona, payokha, panali piki yokulungidwa waya wabuluu pampini. Waya ameneyo anakulunga ndi Tobiyasi, ine ndikuona, chifukwa mpini unali utang'aluka. Ndinakhala pansi.

Ndinati, "AZimba, piki iyi yafika bwanji m'nyumba ya Mulungu?"

Anati, "Mwini wake anaipereka. Kuchokera tsiku lija palibe anaitenganso kwa iye, ati inadya munthu. Kunonso aliyense amailambalala."

Ndinati, "Ndiye mwana wanga akabwera mumukanize. Chonde, ndagwira mwendo wanu."

Anaseka pang'ono, anati, "Mwagwira woumawo, sumva. Amake Tobiyasi, ndikamukaniza adzapita kwa olipitsa a m'tauni, adzakumba diso lili padzuwa. Ine ndalowa pansi zaka zambiri. Piki sidya munthu. Chimadya munthu ndi kuthamanga."

Pamenepo chinthu chimene ndinameza zaka ziwiri chinatuluka chokha. Ndinati, "Ndine ndinam'thamangitsa. Iye anati titchinge, ine ndinati fulumira." AZimba anafunsa kuti, "Zida zikanakhala zanu, mukanam'thamangitsa?" Ndinati, "Iyayi." Anangondisiya ndilire, ndipo ndinalira ngati maliro ndi atsopano.

Nditatonthola anandiuza malamulo. Wilibala ubweza pa masiku atatu, mpope masiku awiri, chifukwa ena akudikira. Koma zida zokumbira, anati, chitsime sichipatsidwa tsiku. Ndiponso piki sipita yokha. Ipita ndi chikombole choumbira maringi a simenti otchinga dothi, ipita ndi miyendo itatu yachitsulo yokhala ndi gudumu lokokera chingwe, ipita ndi chipewa cholimba cha kumigodi. Ndipo pamwamba pakhale munthu mmodzi amene akati tuluka, wokumba atuluka osatsutsa. Anati, "Munthu ameneyo akhale inu. Piki zina zonse zili kwa anthu, yatsala iyi. Mukafuna dikirani ina." Ndinaiyang'ana, ndinati, "Ndipatseni yomweyo. Yandilondola zaka ziwiri, lero ndiinyamule ine."

Ndinaisenza paphewa kudutsa pakati pa mudzi. Anthu ankapatuka m'njira. ANaPhiri anakuwa ali pamtondo kuti, "Amake Tobiyasi, mwanyamula mfiti masana ano?" Ndinati, "Ndanyamula chitsulo cha tchalitchi, mukafuna mukabwereke inunso!" Pakamwa ndinalimba, koma mpini unkanditentha paphewa ngati khala la moto.

Simenti tinagula titagulitsa thonje. Amuna a mumphakati anathandiza kuumba maringi, ndipo lililonse tinalidikira kuti liume bwino, tikulithirira madzi otunga kutali. Fabiano ankadandaula kuti, "Amama, ngakhale nkhono yatipitirira." Ine ndinkati, "Ileke ipite, ikatidikire." Anasankha malo ena kumunsi kwa dimba. Ankakumba ali mkati mwa ringi, ringi likutsika lokha, pamwamba amuna aja aika lina n'kumakoka chingwe. Ine ndinkakhala pakamwa pa dzenje ndi chitsulo chakale cha pulawo ndi mwala. Ndikamenya ngwe, ngwe, iye atuluka. Masiku ena ndinkamenya atangolowa kumene, mtima wangolumpha, ndipo ankatuluka akung'ung'udza, koma ankatuluka. Ndinkamuimbira kuti, dzuwa ndi la Mulungu, salipitsa, likalowa lero mawa alibwezanso.

Sabata lachisanu ndowa inakwera ndi mchenga wonyowa. Fungo lake ndinalidziwa ndisanauone. Linali dzuwa lopendeka, nthawi yomwe ija. Ndinatola mwala kuti ndimenye chitsulo, koma ndisanamenye ndinamva thumba lija likugwanso. Abale anga, dziko linada masana. Mkono unauma m'mwamba. Ndinati, Ambuye mwandipatsa dzenje lachiwiri. Kenako pansipo panatuluka mawu: "Amama, mwagona kodi? Auzeni akoke chingwe!" Mchenga unagumuka ndithu, koma unagumukira kuseri kwa maringi, ndipo maringi anagwira. Anatuluka ndi mchenga pachipewa, thupi lonse lathunthu.

Tinakhala masiku anayi osakumba, ndipo palibe anabwera pakhomo kudzafunsa zida zake. AZimba anafika panjinga, anasuzumira, anagogoda maringi, anati apitirize pang'onopang'ono. Ine miyendo inakana kubwererako, ndiye ndinapereka chitsulo ndi mwala kwa Agnesi. N'chifukwa chake tsiku la madzi linandipeza pamkeka.

Sindikunamizani m'nyumba ya Ambuye, masana ena ndimamvabe ndu, ndu, ndu. Tobiyasi sabwera, ndipo ine ndidzaitanidwa ndi dzina lake mpaka tsiku langa. Koma ndinakaulula kwa abambo mfumu, ndinabwerera mukwaya, ndipo ndikamva kulirako ndimati, pumula mwana wanga, mng'ono wako wamaliza. Ndinapempha kuti njira itsekeke, Mulungu anatsegula ina yopita ndi maringi. Inu amene mwanyamula mawu amene munanena kwa munthu amene sangakuyankheninso, musawameze, adzakudyani. Inu amene mukuthamangitsidwa ndi dzuwa lolipira, pitani kuseri kwa tchalitchi mukabwereke, musachite manyazi. Ndipo mukabwereka mutsuke, mubweze, mnzanu akudikira. Zikomo Ambuye, zikomo Amayi Maria, zikomo inu amene munapereka zida zanu osadziwa kuti mukuwombola mwana wa yani.

Tsiku la madzi lija anabwera anthu, ndiwatchule, Mulungu awamve maina. Anabwera aZimba, njinga akuikankha. Anabwera akatekisiti ndi akazi awo aNaJere. Anabwera aNaPhiri ndi ndowa ziwiri, osachita n'komwe manyazi. Anabwera aSakala, aMbewe ndi aLungu, amene anaumba maringi mpaka manja kung'aluka. Anabwera amayi a kwaya, Rozaliya, Sesiliya, Velonika ndi Tisiyenji wa mawu aang'ono. Anabwera amake Lusiya, mkazi wa Tobiyasi, atagwira adzukulu anga Lusiya ndi Petulo, ndipo madzi oyamba anamwa ndi iwo. Anabwera Agnesi mtengwa wanga, mwala uli chigwirire m'manja. Ndipo pakati pawo, atakhala pamulu wa dothi, akutafuna nzimbe, ndinamuwerenga kawiri kuti ndisalakwe, panali Fabiano mwana wanga, wamoyo.