Mchona amene tidakamutenga ku Nsipe

Zaka zimenezo, njala yaikulu ija itangotha kumene, dziko lino likadali m'manja mwa azungu, msewu wa tala mukuuonawu udali wafumbi, ndipo lole ikadutsa m'mawa anthu ankaikamba mpaka madzulo. Khalani pansi ana inu, udzuwo usiyeni kaye pamthunzipo, denga langali mulitsiriza dzuwa likapendeka. Mwandifunsa ngati kale kudali magulu othandiza anthu ngati lanuli. Adalipo ndithu, kungoti ife tidalibe malaya ofanana olembedwa kumsana, ndipo padalibe wotijambula chithunzi tikamagwira ntchito.

Gulu lathu tidaliyambitsa amuna khumi ndi awiri, tonse obwera ku migodi ya ku Joni. Mtsogoleri wathu adali a Sitefano, munthu wamfupi wosalankhulalankhula, amene kumgodiko adaphunzira kumanga mabala ndi kunyamula anthu ophwanyidwa ndi miyala. Iwowo ndiwo adati: "Ife tabwera ndi miyendo yathu, koma anzathu ambiri adatsala komweko, ndipo nyumba za akazi awo zikudontha. Tizingoyang'ana?" Ndiye Loweruka lililonse tinkakumana pabwalo la tchalitchi, n'kumapita kukafolera madenga a amasiye ndi a akazi a machona, kuwalimira, ndi kuyala mitengo pamitsinje kuti ana awoloke popita ku sukulu. Machona, inu simuwadziwa, ndi amuna aja ankapita kukagwira ntchito kunja osabweranso, osalembanso ndi kalata yomwe.

Koma ntchito imene tidatchuka nayo idali ya machila. Tidasoka ziguduli pa nsungwi ziwiri zazitali, ndipo munthu akadwala kwambiri, amuna anayi ankamunyamula kupita naye ku chipatala cha mishoni, ulendo wa theka la tsiku. Lero mumangoimba foni njinga yamoto n'kufika pakhomo, koma nthawi imeneyo ambulansi idali mapewa athu. Anthu adangotitcha a Gulu la Machila, ndipo tinkasinthana, anayi sabata ino, anayi ena sabata yamawa.

Tsono kuti mumvetse, ndikuuzeni za pakhomo panga. Ine m'mudzi muno ndidabwera ngati mkamwini, kwathu ndi kumbali ya Champiti. Akazi anga, aNamoyo, ndidawapeza ali ndi mwana wamkazi, Esinati. Bambo ake a mwanayo, a Filimoni, adapita ku Joni mwanayo akukwawa, adalemba makalata awiri, kenako zii. ANamoyo adadikira zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka ankhoswe ndi akulu a mpingo adakhala pansi n'kunena kuti mayiyu wadikira mokwanira, amasuke. Ndipo ine ndidawakwatira mwadongosolo, Mulungu n'kutipatsa ana ena awiri, koma Esinati ndidamulera ngati wanga, ndipo ankanditchula kuti bambo.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yokumba mbatata ya kachewere, ndili m'munda ndi akazi anga, adafika a Sitefano ndi anzanga atatu a sabata imeneyo, machila ali paphewa. Adandiitanira pambali.

"Uthenga wachokera ku Nsipe kwa amayi ogulitsa pamsewu," adatero a Sitefano. "Lole yasiya munthu wodwala, akutsokomola, sangathe kuyenda. Akuti akubwera m'mudzi mwathu muno."

Ine ndidayamba kale kupukuta dothi m'manja. Koma iwo adandigwira pamkono n'kunena chapansipansi: "Dzina lake akuti ndi Filimoni."

Ana inu, ine sindikubisirani, chifukwa munthu akakalamba sachitanso manyazi ndi zoona. Ndidaganiza za nyumba imene ndidamanga, za ana anga, za mlandu umene ungabuke, ndipo ndidadzifunsa kuti kodi ndikanyamule ndi mapewa anga munthu amene akudzanditulutsa m'mudzi? Ndiye ndidanama. Ndidati: "Msana wanga sukundilola lero."

A Sitefano sadandidzudzule ngakhale pang'ono. Adangoti, "Chabwino, pumani, ndigwira ine," ndipo adanyamuka, chikhalirecho iwo adali atanyamula kale sabata yathayo.

Ndidabwerera pamzere n'kuyamba kukumba ngati palibe chachitika. Koma aNamoyo adali atamva dzinalo. Adasiya khasu, adapita kunyumba, n'kubwerera ndi bulangete lathu ndi chipanda cha thobwa. Adagwada n'kuziika pamapazi anga.

"Bambo a ana," adatero, "mwanyamula anthu ambiri osawadziwa, ena oledzera, ena okunyozani. Ine ndine mkazi wanu, ndipo palibe amene asinthe zimenezo, kaya ankhoswe kaya ndani. Koma munthu wagona pamsewuyo ndi bambo ake a Esinati. Mwanayu akadzandifunsa kuti inu mudali kuti tsiku limeneli, ndidzamuuze chiyani?"

Ndidatola bulangete ndi chipanda, ndipo ndidathamanga mpaka ndidawapeza anzanga akutsika chitunda. A Sitefano atandiona sadanene za msana uja, adangochotsa nsungwi paphewa pawo n'kuiika pa langa.

Titafika ku Nsipe tidamupeza atatsamira mtengo, amayi a pamsika atamupatsa nthochi zimene sadadye. Ine m'mutu mwanga ndinkayembekeza chimunthu chovala jekete ndi chipewa, monga ankabwerera anthu a ku Joni, koma ndidapeza munthu wotha thupi, maso atalowa m'kati, akupuma ngati wakwera phiri. Pambali pake padali bokosi lachitsulo, ndipo nditalinyamula lidali lopepuka ngati mulibe kanthu. Tidamumwetsa thobwa, tidamufunda bulangete, n'kumugoneka pamachila. Ine ndidagwira kumbuyo, kumene kudali mutu wake.

Iye sankandidziwa, poti ine sindidakulire m'mudzi muno. Tikukwera mtunda, adayamba kufunsa za anthu mmodzimmodzi, uyu alipo, uja adamwalira, ndipo anzanga ankamuyankha. Kenako adafunsa funso limene tonse tinkaliopa.

"Nanga aNamoyo alipo?"

Ndidaona kuti anzanga andisiyira ine, ndiye ndidati: "Alipo, ali bwino. Ndi akazi anga tsopano. Bulangete mwafundali atumiza ndi iwowo."

Tidayenda mtunda wautali. Kenako wodwalayo adati, "Nditsitseni."

Tidamutsitsa pamthunzi, poganiza kuti akufuna kutsokomola. Koma iye adandiyang'ana n'kunena kuti: "Akulu, ndisiyeni pano. Kwathu ndidafunsa kale, amayi adafa ndi njala, abale adabalalika. Ndinkati mwina kuno. Koma sindingalowe m'mudzi nditanyamulidwa ndi inu, manyazi ake sindingawathe."

Mukudziwa, mawu amenewo ndiwo ndinkafuna kumva m'mawa uja ndili m'munda, koma atanenedwa sindidawafunenso. Ndidati: "Ife sitisiya munthu panjira. Komanso muli ndi mwana kumudzi, wakula, wafanana nanu mphumi. Mukamuone kaye, zamanyazizo tikakamba mutapuma."

Adaphimba nkhope ndi bulangete, ndipo ife tidamukweza n'kupitiriza ulendo.

Tidayamba tapita naye ku chipatala cha mishoni, kumene adagona mwezi wathunthu. Dokotala adatiuza mosabisa kuti fumbi la m'mgodi lamudya mapapo, mankhwala angangochepetsa ululu, koma kuchira ayi. Ndiye nkhani idabwera ku gulu lathu Loweruka lotsatira: munthuyu akatuluka akakhala kuti? Ena adati atumizidwe kwawo, akafunefune abale. Ena adati tamuchitira kale zokwanira, munthu wotaya banja zaka zonsezi. Onse ankalankhula akundiyang'ana m'mbali, poganiza kuti akundikondweretsa.

A Sitefano adati: "Tonse pano tidapuma fumbi lomwelo. Ndani akudziwa kuti chaka chamawa adzatsokomola ndani? Koma nkhaniyi ili pakhomo pa mnzathuyu, anene yekha."

Ndidati timumangire nyumba. Sindinena kuti mtima wanga udali woyera mbee, ayi, nsanje idalimo ndithu, ndipo malo amene ndidaloza adali kutsidya kwa dimba, osati pafupi ndi khomo langa. Amalume awo a aNamoyo adavomera malowo, ndipo tidagwira ntchito Maloweruka atatu, kudula mitengo ya zipupa, kumanga phaso, kufolera, amayi a mumpingo n'kudzamata ndi kuzira. Kanyumba kakang'ono, koma sikadadonthepo.

Tsiku limene Esinati adakaonana ndi bambo ake, adakana kupita yekha, adati ndimuperekeze. Adagwada pakhomo n'kupereka moni ngati kwa mlendo, ndipo a Filimoni adatsegula bokosi lija. Mudali malaya awiri akutha, ndi kadiresi kakang'ono kofiira, ka mwana wa zaka zitatu. Adati adakagula chaka chachiwiri ali ku Joni, kuti adzabwere nako. Esinati, amene nthawi imeneyo adali atatalika kufika paphewa panga, adakalandira ndi manja awiri n'kuthokoza.

Kuyambira pamenepo chakudya chinkachoka kunyumba kwanga, Esinati n'kumakapereka. Anthu adalankhula, inde, pachitsime ndi pamowa, ena kumati ndadyetsedwa mankhwala, koma pakapita nthawi anthu amatopa n'kupeza nkhani ina.

Chimene sitidayembekeze n'choti munthu uja adasanduka wothandiza gulu lathu. Khasu sakadatha, koma dzanja lake polemba lidali labwino kuposa la tonsefe, ndipo makomboni a ku migodi adawazungulira ambiri, ankadziwa kuti anthu a kuno amakonda kukhala kuti. Ndiye akazi a machona ankabwera pakhonde pake, iye n'kumawalembera makalata, ndipo pansi pa kalata iliyonse ankawonjezera mawu akeake, kuwauza amunawo kuti abwere ngakhale alibe kanthu m'manja. Ambiri sadayankhe, koma amuna awiri adabweradi, ndipo mmodzi wa iwo zidzukulu zake zili pakati panu pano, dzina sinditchula.

Masana ena ndikumukonzera chitseko, ndidamufunsa chimene chidamuletsa kulemba kalata zaka zonse zija. Adati: "Chaka choyamba ndinkadikira kuti ndipeze zambiri. Kenako ndidavulala, ntchito idatha, ndidachita manyazi kulemba kuti ndilibe kanthu. Chaka chikapita manyazi ankakula, mpaka kudakhala kosavuta kuti andiyese wakufa." Ndipo adaonjeza kuti, "Inu mwandilerera mwana bwino. Sindidabwere kudzalanda kanthu." Tsiku limenelo ndidabwerera kunyumba wopepukidwa, ndipo Loweruka lotsatira ndidalambula kanjira kachidule kochoka pakhomo panga kukafika pakhomo pake.

Adakhala nafe mvula ziwiri, n'kumwalira nthawi yokolola, masana, Esinati ali pambali pake. Pamaliro padabuka vuto limene palibe adaliganizira. Mwa mwambo wathu, asanatseke manda, wolankhula amaitana mwini maliro, wachibale wa malemuyo, kuti athokoze anthu ndi kuponya dothi loyamba. Mkulu wa mpingo adafunsa kuti, "Mwini maliro ano ndani?" Padalibe woimirira, chifukwa kwawo sikudabwere munthu. Adafunsanso kachiwiri, anthu n'kumayang'anana. Ndidaona Esinati ataweramitsa mutu pakati pa amayi, akulira.

Ndidaimirira ine. Ndidati: "Maliro ano ndi anga. Malemuwa ndi achimwene anga, mwana wathu ndi mmodzi."

Padali kachiphokoso pang'ono kumbuyo, koma mkulu wa mpingo adangogwedeza mutu n'kundipatsa khasu. Titafika kunyumba pochokera kumanda, aNamoyo adanditengera madzi osamba m'manja, adagwada, n'kunena kuti, "Zikomo, bambo a Esinati." Chikwatirane chathu adali asadanditchulepo choncho.

Ndiye inu ana anga, ntchito mukugwirayi ndi yabwino, ndipo musaisiye. Kufolera nyumba ya nkhalamba ngati ine n'kosavuta, chifukwa ndikuthokozani ndipo mupita kwanu mitima ikukoma. Koma lidzafika tsiku limene wofuna thandizo adzakhala munthu amene mtima wanu sukumufuna, ndipo mudzapeza zifukwa zambiri zomveka zokhalira pakhomo. Tsiku limenelo musadikire kuti mtima uyambe wavomera, nyamukani muzipita, mtimawo udzakupezani m'njira. Tsopano imwani madzi, dzuwa lapendeka, mukwere mutsirize mbali yatsalayo.