Anatchetcha Chimanga cha Bambo Anga

Omvera anzanga, ndinali kamtsikana ka sukulu ya mishoni pamene mzungu wa esiteti yoyandikana nafe ku Thyolo anagula esiteti yathu, kumene bambo anga anali makaniko. Anati atseka fakitale imodzi ya tiyi, amakaniko ena achotsedwe. Amakanikowo anasankha bambo anga kuti akawalankhulire, nalonjeza kuti onse anyanyala ntchito.

Belu litalira m'mawa wa tsiku lonyanyalalo, onse anakalowa ntchito, ndipo bambo okha ndiwo anachotsedwa. Masiku amenewo wochotsedwa ankalandidwanso munda. Amene anabwera ndi zikwanje kudzatchetcha chimanga chathu anali anzawo omwewo.

"Pepani achimwene, tangotumidwa," anatero mmodzi, uku akulonga mondokwa wathu m'thumba lake.

"Inenso munandituma," anayankha bambo.

Ine ndinkasuzumira kuseri kwa chitseko. Mpaka lero ndikamva fungo la chimanga chowotcha ndimachokapo.