Muzu umene a Gan Fushun apita nawo

Malemu a Gan Fushun anabadwa pa 9 Malichi 1941, m'nyumba yomwe ino, m'mudzi mwathu muno ku Fujian. Ine ndine Gan Suzhen, mlongo wawo. Sinditalikitsa, pali nkhani yosadikira.

Sukulu anayamba mu 1949, nalekezera chaka chachisanu. Sukulu yawo yeniyeni inali kuseri kwa nyumba. Nkhonya za banja lathu zinayamba ndi agogo a bambo athu, amene ankasenza tiyi kudutsa m'mapiri. Achifwamba atawalanda katatu, ndi mpeni womwe, anati: "Chabwino, dzanja lokha sangandilande."

Malemu anayamba kuphunzira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Zaka zitatu ankangonjuta atatangadza miyendo ngati ali pakavalo, mpaka ndodo ya lubani ithe. Atakhwima anayamba kumenya thumba: masiku zana la nyemba, zana la mchenga, zana la tizitsulo. Akamaliza ankaviika manja mumtsuko wa mankhwala, mizu khumi ndi iwiri yonyikidwa mu kachasu wa mpunga. Muzu umodzi, wakuda uja, ndi chiphe. Womaliza ndiwo umapha ukali wake.

Dzina la muzu womalizawo limauzidwa mwana wamwamuna mmodzi yekha, pakamwa, osalemba. Ine bambo ankangonditi: "Sinja, usafunse. Ukakwatiwa ungapite nazo kwa eni ake." Ndinasinja mizu khumi ndi umodzi. Winawo ankathira okha atatseka chitseko, ndipo anauza malemu okha.

Mu 1965 malemu anakwatira mayi Ke Yulan. Ankalima mbatata ndi tiyi, ndipo ambiri muno anakulumikizani mafupa.

Mu 1968, bambo atamwalira ndipo malemu ali kutali kokumba damu, mtsuko unasweka. Mng'ono wawo Fulai anali pakati pa masiku a tizitsulo. Tinaphunzitsidwa kuti ukalekezera panjira magazi amaundana m'manja. Anandichonderera: "Sinja yomwe ukuidziwayo, umodzi ndi chiyani?" Ndinasinja. Ataviikamo manja, zala zake zinachita dzanzi, kenako zinada. Timitengo todyera tinayamba kumupulumuka. Mwezi wachitatu tinamuika paphiri paja tikupita lero.

Mwana wamwamuna yekhayo wa malemu anatisiya mu 2009 asanauzidwe. Ndinawauza kangapo: "Achimwene, lembani, mutu umaola." Ankaseka: "Iweyo ndiye uyambe kufa, kulongolola kumapha."

Pa 3 Novembala chaka chino cha 2023 anagwa akuthirira ndiwo, mbali imodzi inafa, lilime linauma. Kuchipatala mdzukulu wawo Jinhai anaika khutu pamlomo pawo masiku asanu ndi atatu. Milomo inkagwedera, mawu ayi. Anamwalira pa 11 Novembala ali ndi zaka 82.

Jinhai, bambo wa ana awiri amene wagwada apayu, ali pa tsiku la 61 la tizitsulo. Mumtsuko mwatsala mankhwala a masiku anayi. Ngati malemu anatumapo wina wa inu kukakumba kapena kukagula muzu, ngakhale zaka makumi atatu zapitazo, mundipeze bokosi lisanakhomedwe. Musachite manyazi, musadikire mpunga wa pamaliro.

Dzulo Jinhai anabwera kukhitchini. Anati: "Agogo, sinjani yomwe mukuidziwayo, umodzi ndi chiyani?" Mawu omwewo. Mtondo ndauponya m'chitsime, ndipo aliyense wouvuula adzayankha kwa ine.

Malemu asiya mayi Ke Yulan, ana aakazi awiri, Lizhu ndi Lixia, adzukulu asanu, zidzukulutudzi zitatu, ndi ine. Tikuthokoza anamwino, ophunzira awo amene anyamule bokosi, ndi amayi amene asoka nsalu zoyera tavalazi.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere. Mukakumana ndi Fulai mumuuze kuti ulendo uno ndakana.