Chofunda cha zigamba chomwe ndinapita nacho ku Joni

Awulutsi, ine ndine bambo wa ku Mvera, ndipo pamsika amandidziwa: sindigula ngakhale tomato osanenerera.

Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Joni, atanditumizira tikiti ya basi, ndinafuna kumutengera bulangete, koma mtengo unandibweza. Ndinakumbukira zitenje zinayi za malemu mkazi wanga. Pogawa zovala maliro atatha, zinayenera kupita kwa azilamu anga, koma nazonso ndinanenerera mpaka anandisiyira.

Telala wathu anazidula timabwalo, n'kuzilumikiza, m'kati n'kuikamo bulangete lakale. Ndalama ya ntchito yake ndinamutsitsa mpaka anati, "Achimwene, ulusi wokha ndi umene mwalipira."

M'basi manyazi anandigwira. Kwathu zigamba ndi umphawi, ndiye mkamwini wanga aziti apongozi abwera ndi chiyani?

Nditafika n'kupereka chofundacho, mwana wanga anachiyala pampando. Kenako analoza kabwalo kobiriwira.

"Ababa, ichitu n'chimene amayi ankandiberekera popita kusikelo. Ichi chofiirachi ankapita nacho kumunda wa fodya."

Anakhala pansi n'kuchigwira nthawi yaitali. Mkamwini anangotuluka mwakachetechete kukatiphikira tiyi. Ine ndinangoti ndinaganizira zonsezo, pomwe mumtima ndikudziwa kuti ndinkathawa mtengo wa bulangete.

Nditabwerako, ndinatsikira kwa telala uja n'kumupatsa yonse imene anatchula poyamba paja. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, ku Joniko mwadwalako?"