Thunthu la Nthochi Limene Sitinaliike M'manda

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Moni akulu a mpingo. Ine ndine Nabanda wa konkuno ku Mayani, mkazi wa bambo a Esitere, awo akhala pakhomowo ndi ndodo yawo. Musawaone kufatsa muno, kunyumba salola mnzawo kuyankhula!

Nkhondo ya Azungu isanatifike, tinali ndi chizolowezi chathu. M'mawa uliwonse, kuzizire bwanji, tisanagwire makasu, iwo ankatsegula kabuku ka Uthenga Wabwino n'kuwerenga. Ine sindinkadziwa kuwerenga. Ndinkangomvetsera, kenaka tinkapemphera. Ndinkawakonda mawu awo, abale, sindibisa.

Tsiku lina akuchokera kumunda, asilikali anawagwira panjira kuti akakhale amtengatenga, akasenze katundu wa nkhondo. Anthu anandibweretsera khasu lokha. Ngakhale kutsazika, ayi.

Dzinja linapita, lina linabwera. Kenaka kunafika bambo wina wa ku Kaphuka amene anatengedwa nawo limodzi. Anati, "Mayi, amuna anu ndinawasiya atagona m'mbali mwa njira, kutali uko, ali thapsa ndi matenda. Musawadikire."

Mayo ine!

Amalume anga anadula thunthu la nthochi kuseri kwa nyumba. Mwambowu mukuudziwa: munthu akafera kutali, timaika thunthu m'manda m'malo mwake, timameta, mkazi n'kumasuka. Anati, "Mwanawe, tiike maliro. Anawa akufuna wowalimira, ndipo mwamuna wina wafunsira kale."

Sikuti ankandida amalume, ankandimvera chisoni. Koma ndinati, "Amalume, ndiloleni ndiyambe ndafunsa Mulungu." Iwo anati andidikira mpaka tikolole, tikakolola adula thunthu lina.

Nanga ndifunse bwanji, kabuku kali m'manja koma sindikudziwa chimene chalembedwamo? Ndinapita kusukulu ya m'mudzi, mayi wamkulu ine, kukakhala pansi pakati pa ana. Ankandiseka, eee! M'mawa uliwonse ndinkagwada paja tinkagwada awiri paja, n'kunena, "Ambuye, ndidikire kapena ndimete? Ndiuzeni." M'mawa uliwonse, funso lomwelo. Yankho, zii.

Chimanga chitayamba kuuma, ndikulondola zilembo ndi chala, ndinafika pa nkhani ya munthu amene asilikali anamugwira kuti asenze mtanda wa Ambuye. Ankachokera kuti? Kumunda, abale! Kumunda! Ndinawerenganso. Bukulo likutchula ngakhale mayina a ana ake. Ndinalira. Ndinati, kani Ambuye amawadziwa amtengatenga, amadziwanso ana awo!

Sanandilonjeze kuti amuna anga abwera, ayi, ndisaname. Koma mtima unakhala pansi. Ndinauza amalume kuti, "Sindiika munthu amene Ambuye sanandiuze kuti wafa. Kumunda ndilima ndekha." Ndinalimadi ndekha, manja mpaka matuza.

Nkhondo itatha, masana ena ndikusenda nyemba pakhonde, ndinaona anthu akubwera ndi munthu wowonda, atamugwira dzanja. Sindinamuzindikire. Anaima pabwalo n'kunena, "Amake Esitere, mwapemphera kodi lero?"

Mawu aja! Nyemba zonse zinatayika pansi.

Matenda anawasiyira moyo koma anawatengera maso. M'mawa mwake anapempha kabuku kaja, anakapapasa, misozi ili mbwee. Anati, "Atiwerengere ndani tsopano?" Ndinawalanda, ndinatsegula, ndinayamba kuwerenga. Kukamwa kwawo kunangoti yasa!

Lero wowerenga ndine. Ndikalakwitsa amandidzudzula ngati aphunzitsi, pakuti mawuwo ali nawo pamtima. Kumunda ndimalima ine, iwo amaluka mphasa ndi kutong'ola chimanga. Sitili olemera, koma tili awiri. Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokozanso inu amene munkandithandiza kupalira.

Ndipo nthochi ija amalume anadula kuti ikhale mtembo wa amuna anga inaphukanso. Yabereka mkoko. M'mawa uno titatha kupemphera ndawasendera imodzi, adya, n'kutambasula dzanja kupempha ina.

Alemekezeke Ambuye. Ameni.