Mbili ya a Julio Daka, Osunga Kavalo ku Kalindawalo

Malemu a Julio Daka anabadwa mu 1955 ku Zumbo, m'dziko la Mozambique. Sukulu analekela kalasi yachitatu. Ali mnyamata analowa nchito pa famu ya Mpwitikizi, komwe anaphunzila kusamala akavalo.

Anakwatila amai Rita mu 1979. Nkhondo itakula anathawila kuno mu 1987, ndipo anzao pobwelela iwo anatsala. Anagwila nchito pa famu ina ku Nyimba. Famuyo itagulitsidwa mu 1995, anawapatsa kavalo mmodzi wamkazi, Menina, amene amakoka ngolo ya thonje. A Daka anali Mkatolika, osunga makiyi a tchalichi.

Mmawa uliwonse anali kuchotsa timiyala m'ziboda za kavaloyo, kufuna nkhupakupa kunsi kwa mchila, kuona nkhama ndi ndowe. Alangizi a ziweto atasiya kuyendela midzi, iwo anakana mabotolo a mankhwala opanda dzina a pamsika. Mankhwala a njoka za m'mimba anali kuwapalasila njinga mpaka ku Petauke. Lamulo lao mudzi wonse ukulidziwa: kavalo sadya cha m'manja mwa wina.

Lachiwili pa 14 Okutobala 1997 anali kumanga khola pamene aneba ao, amai Keziah, anadzanena kuti kavalo akugubuduka kudimba. Anam'peza ali thukuta lokhalokha, akupalasa pansi, akucheukila mimba yake. Pambali panali beseni ya gaga woola. Beseniyo si ya pakhomo pao. Poopa kuti matumbo apotana, anam'dzutsa n'kumuyendetsa pa dzuwa maola anai, chonsecho iwo anali odwala mtima. Kavalo atachita ndowe n'kupeza bwino, a Daka anakhala pansi pa mtengo kuti apume. Sanadzukenso.

Banja silikuloza munthu chala. Koma anthu awili afunsa kale mtengo wa kavaloyu malilo ali m'nyumba, ndipo mmodzi mwa iwo malemu anam'kaniza mwezi watha. Amai Rita akuti yankho ndi lomwelo, chifukwa ngoloyo ndiyo ikuphunzitsa ana. Mwini beseni akaitenge masana, anthu akuona. Ili pakhonde, aitsuka.

Khola lija amai Rita alipitiliza okha lelo mmawa. Mbali imodzi ikali yotseguka.

Malemu asiya mkazi, ana aamuna awili, aakazi atatu, mdzukulu mmodzi, ndi mlongo wao ku Zumbo, amene uthenga sunawafike.

A Daka, mwayenda mokwana. Apumule mu mtendele.