Dzina Linali mu Msoko wa Tenti

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1957, ndipo anali achiwiri m'banja la ana atatu. Akuluakulu, amayi ndi abambo amene mwabwera kudzatipepesa, tsiku lawo lobadwali ifenso talidziwa dzulo lomweli. Ine ndine mkamwini wawo, banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Inu amene mwakhala pakatipo, pamene madzi akudontha, mutikhululukire. Chifukwa chake muchimva.

Za ubwana wawo ndi sukulu tikudziwa zochepa. Ankati analekezera sitandade 7, basi. Kwa ife mbiri yawo ikuyamba mu Disembala 1985, mmawa wina wa mvula, pamene munthu wachilendo anaima pakhomo la shedi yosokera matenti, atanyowa chinyowere, m'manja muli kachikwama ka masingano. Sanapemphe ntchito. Anangoyang'ana tenti imene inali pa makina, nauza mwini shedi kuti msoko umenewo udontha. Mwini shedi anawafunsa ngati abwera kudzaphunzitsa nsomba kusambira, kenako mwaukali anathira ndowa ya madzi pa msokowo. Unadontha. Atafunsidwa dzina, mlendoyo anangowerama. Ntchito anawalembabe, anzawo a pantchito anawatcha a Msoko, ndipo dzinalo linakanirira mpaka pa mapepala.

Kuyambira 1986 malemu ndiwo ankalumikiza lona wa matenti onse aakulu. Chidutswa cha pamwamba ankachigoneka pa cha m'munsi ngati malata, kuti madzi azingotsetsereka. Milomo ya zidutswa ziwirizo ankaipinda kuti ikolane ngati zala za anthu opatsana moni, n'kusoka mizere iwiri ndi ulusi woviika m'phula. Singano ankasankha yowonda kuposa ulusi, kuti ulusiwo ukanyowa ufufume n'kutseka bowo lake. Akamaliza ankavala malaya oyera, n'kugona chagada pansi pa tentiyo, anzawo akuthira madzi pamwamba. Kadontho kamodzi kokha pa malayawo, ankamasula msoko wonse. Anzawo ankawaseka kuti a Msoko amachita nsanje ndi mvula ngati mkazi mnzawo. Iwo sankaseka nawo.

Amene ankanyamula ndowa zambiri kuposa onse anali mwana wamkazi wa mwini shedi. Ankati akuthandiza bambo ake, koma shedi yonse inkaona kumene maso ake ankagwera. Anakwatirana pa 14 Okutobala 1989, pansi pa tenti ino imene takhalayi, yomwe malemu anaisoka okha miyezi itatu. Mkwatibwi atakakamira kuti sangalowe m'banja ndi munthu wopanda dzina, malemu anamuuza kuti zonse azilemba pa kansalu n'kukapindira mu msoko wa pamsana pa tentiyi, ndipo tsiku lililonse limene afuna, atenge lumo. Mkwatibwiyo ndi mayi athu amasiyewa, ndipo akuti lumolo analigwira kangapo, makamaka akayambana. Koma ankati akayang'ana msokowo, mmene unagonera bwino, ankaona kuti munthu wosoka chonchi sangakhale woipa, n'kulibweza m'kabati.

Mu 1998 mwini shedi atamwalira, malemu anatenga udindo. Ambiri mwa inu munakwatira kapena kulira abale anu pansi pa lona wawo, ndipo palibe ananyowapo.

Mu Epulo chaka chatha malemu anagwa ali pa makina. Mbali ya kumanja inafa ziwalo, lilime linalemera. Tinayenda nawo m'zipatala, madokotala anayesetsa, koma mawu sanabwerere. Miyezi khumi takhala tikuwayang'ana akufuna kutiuza kanthu, milomo ikugwedera, dzanja lamanzere likuloza kudenga. Ife tinkathamangira kutsegula mawindo, kuyatsa magetsi, kuchotsa akangaude. Iwo ankangotseka maso, misozi ikutsikira m'makutu. Mayi athu okha ndiwo ankamva, koma ankaopa kuti akamasula msokowo ndiye kuti atsanzikana. Malemu anatisiya Lachiwiri, pa 11 Febuluwale, dzuwa likutuluka.

Dzulo mmisiri wa bokosi anafunsa dzina loti alembe, ndipo mwana wawo wamkazi, mkazi wanga, anakana kuti bambo ake aikidwe ndi dzina la nthabwala. Tenti inali itakhomedwa kale. Mayi athu anakwera okha pa makwerero, lumo lili m'manja. Kansaluko kanatuluka kouma gwa, inki yake yowala ngati yalembedwa dzana, patatha zaka makumi atatu ndi zisanu za mvula.

Pa kansaluko, pambuyo pa dzina lawo ndi tsiku lobadwa, malemu analembapo kuti mu Januwale 1985 anasoka mothamanga tenti yogona anthu othawa madzi osefukira, ndipo chifukwa cha changu anagoneka chidutswa cha m'munsi pamwamba pa chinzake. Madzi ankalowa masiku atatu. Pansi pa msokowo panagona khanda la mlongo wawo, ndipo linafa ndi chibayo. Mlongoyo sanawanene kanthu, ndipo kusanena kanthuko n'kumene kunawathamangitsa. Anapempha kuti wowerenga akauze mlongo wawoyo kuti sanasokenso molakwitsa. Anatinso kwawo alemba pa mzere wa kumunsi.

Mayi athu asanafike pa mzere umenewo, mvula inayamba. Inalowa pamene tinang'ambapo, nigwera pa kansaluko ali chigwirire, ndipo mzere wa kumunsiwo unasungunuka tikuona. Taunika pa dzuwa, taunika ndi tochi, palibe chikuoneka. Uthengawo tili nawo, koma kokaupereka sitikudziwa. Matelala atatu ayesa kubwezeretsa msokowo mmawa uno. Mmene wakhalira mukumva nokha pa mapewa panu.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, zidzukulu zitatu, ndiponso mlongo, ngati akali moyo, amene sakudziwa kuti lero ali ndi maliro. Tikuthokoza anamwino amene ankawatembenuza, anansi amene mwatisunga, ndi anzawo a ku shedi amene agwirizira mabeseni pakatipo chiyambire mwambo uno.

Chimodzi chokha tikupempha. Dzina limene ndinene tsopanoli musalisiye kumanda. Mulitchule m'mabasi, m'misika ndi kulikonse mungapite, mwina lidzagwera m'khutu la mayi wina wokalamba amene wakhala akuyang'ana kunjira zaka makumi anayi.

Amene tinkawatcha a Msoko, dzina lawo ndi a Yotamu Kansengwa. Mzimu wawo uuse mumtendere, kumene kulibe denga lodontha.